Kodi Phwando la Mwana Wakhanda Liri la Yani?

Pali mwambo umene unayamba m'mizinda ikuru-ikuru, ndipo tsopano ulikufika ndi kumidzi komwe, ndiwo wa kukonza phwando pa tsiku limene mwana akwanitsa caka cimodzi cibadwire. Eni ace asankha cinthu cimodzi cimene acicha mutu wa phwando, kaya nyama za kuthengo, kaya maluwa, kaya galimoto, ndipo zonse za tsikulo ziyenera kufanana ndi mutuwo: zobvala za ana, zokometsera nyumba, ndi mkate wotsekemera uja auchula keke. Anthu ena auyamikira mwambowu, ena aunyoza kuti ngwa kutaya ndarama cabe. Ife tisanaweruze, abale, tiyeni tiyambe tafunsa kuti phwandoli liri la yani, pakuti tikadziwa mwini wace tidzadziwanso makonzedwe ace.

Ambiri adzayankha msanga kuti nla mwanayo. Koma taganizani. Munthu sakumbukira zimene zinamcitikira asanafike zaka 3 kapena pafupi pamenepo. Mwana wa caka cimodzi sadziwa kuti lero lisiyana ndi dzulo. Kuyambira miyezi ngati 8 ana ambiri ayamba kuopa nkhope zacilendo, ndipo wa caka cimodzi afunika kugona maora 11 kufikira 14 pa usana ndi usiku pamodzi. Tsono tikamsonkhanitsira khamu la alendo, ndi nyimbo zaphokoso, ndi kumbveka cobvala colimba cimene cimyabwa, iye angolira nafuna kumsana kwa amace. Tikati zonsezi tamcitira iye, tilikudzinyenga tokha.

M'Buku Lopatulika maphwando a tsiku lobadwa ochulidwa poyera alipo awiri, ndipo onse ndi a mafumu. Pa la Farao mkuru wa ophika mkate anapacikidwa. Pa la Herode, Yohane Mbatizi anadulidwa mutu, cifukwa mfumu inacita manyazi kubweza lumbiro lace pamaso pa alendo ace. Ncifukwa cace Origen, mphunzitsi wa ku Alexandria amene anakhalako zaka zoposa 1,700 zapitazo, anaphunzitsa kuti okondwerera tsiku lobadwa ndiwo anthu oipa okha. Koma Akristu a m'mbuyo mwace sanamtsate onse. M'caka ca 1746, ku Germany, abale a Mpingo wa Moravian anakonzera mtsogoleri wao Zinzendorf keke yaikuru yokhala ndi makandulo monga mwa ciwerengero ca zaka zace. Ife tiona kuti tsikulo pa lokha liribe coipa. Cimene cinaipitsa phwando la Herode ndico kuopa maso a alendo, ndipo nthenda yomweyi ikhoza kulowa m'nyumba ya udzu monga inalowa m'nyumba ya mfumu.

Anthu a ku Korea ali ndi phwando lao la caka coyamba, dzina lace dol. Linakula cifukwa kale makanda ambiri anali kumwalira asanathe caka, kotero kuti mwana wofika tsikulo anali ngati waoloka mtsinje wodzala. Aphika mikate ya mpunga nagawira anansi, ndipo aika pamaso pa mwana ulusi, ndarama ndi colembera, kuti aone cimene adzatola. Makolo athu sanali kuwerenga masiku obadwa. Munthu anali kudziwa msinkhu wace ponena kuti anabadwa caka ca dzombe, kapena pa njala ya 1949. Koma cimwemwe ca kupulumuka kwa khanda anacidziwa bwino, pakuti mcombo utagwa acembere anali kuturutsa mai ndi mwana m'cikuta, ndipo mudzi unali kumlandira mlendoyo. Ngakhale m'masiku athu omwe mtsinjewu sunaphwe. Pamene boma la Malawi linawerenga m'caka ca 1992, linapeza kuti mwa ana 1,000 ali onse obadwa amoyo, 135 anali kumwalira asanathe caka cimodzi. Powerenganso m'zaka za 2015 ndi 2016 anapeza 42.

Apa ndipo tipeza yankho lathu. Phwando la caka coyamba liri la ciyamiko, ndipo eni ace ndiwo onse amene anamuolotsa mwanayo: mai amene anacezera usiku pa malungo, agogo amene anatsala naye pamene amace anali kumunda, mnansi amene anabwereketsa njinga yopitira kucipatala, ndi kamtsikana kaja kamlezi kamene kanambereka ciuno cace cisanakhwime. Pamodzi ndi iwo pali ana a zaka 3 kufikira 7, amene adzalikumbukira tsikulo ndi kulisimba. Wokonza phwando ayambe waganizira anthu amenewa.

Nanga mutu wa phwando uja, kodi uli wacabe? Iai. Ana akonda cinthu cimodzi cimene angathe kucigwira ndi kuciseweretsa. Mukasankha nyama, aloleni aumbe ng'ombe zadothi, wina ayende ngati njobvu, wina alumphe ngati kalulu, ndipo agogo awakambire nthano ya Kalulu ndi Fisi. Mukasankha galimoto, anyamata okulirapo apange magalimoto a waya ndi kulemba miseu pabwalo. Mutu wotere suononga ndarama, ndipo ana aturuka m'menemo atatopa ndi kuseka. Koma mutu umene ulamula kuti mwana ali yense abwere atabvala nsaru yatsopano ya mtundu umodzi, ndi kuti asadetse zobvala kufikira zithunzi zitajambulidwa, umenewo wakonzedwera anthu akutali amene adzaona zithunzizo pa lamya. Ana ayesedwa zokometsera nyumba pa tsiku limene likadakhala lao.

Cikondi cioneka ndi pa zinthu zazing'ono zomwe. Phwando likhale lalifupi, ora limodzi kapena awiri, pamthunzi, mwana atadzuka kutulo ta usana ndi kuyamwa. Nthoci, mbatata yophika, zitumbuwa ndi thobwa lotsekemera zikwanira. Uci asapatsidwe mwana amene sanathe caka, pakuti nthawi zina ukhala ndi tizirombo timene matumbo a khanda sangathe kulimbana nato, ndipo tibweretsa nthenda yofooketsa thupi lonse. Mtedza wosasinja ndi maswiti olimba zitsamwitsa ana osafika zaka 5, ndipo zidutswa za mabaluni ophulika ziyenera kutoledwa nthawi yomweyo, cifukwa zikalowa pakhosi zitseka mpweya. Kandulo akhale kutali ndi dzanja la khanda. Munthu mmodzi wamkuru apatulidwe kuti nchito yace ikhale kuyang'anira ana pokha, pakuti pamene akuru ali ambiri ali yense ayesa kuti mnzace ndiye alikupenya, ndipo mwana akwawira kumoto kapena kucitsime.

Tsono tinene za ngongole, pakuti apa ndipo mabanja ambiri apunthwa. Bambo aona phwando la mnzace wa m'tauni, acita manyazi, napasula nkhokwe kugulitsa cimanga, kapena atenga ndarama za katapila, kuti agule keke ndi zakumwa za m'mabotolo. Alendo adya tsiku limodzi nabalalika. Pofika January ndi February ufa watha, ndipo phala la mwana yemwe uja anamuyimbira nyimbo licepa m'mbale. Akale anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Phwando limene lilanda cakudya ca mwana ca mawa silingachedwe la kumkonda mwanayo, ngakhale dzina lace litalembedwa pa keke ndi malembo akuru. Muyeso wace ngwapafupi: ngati mungathe kulipira lero osagulitsa mbeu, osakongola, ndi osacedwetsa za kusukulu za akuru ace, konzani ndi mtima woyera. Ngati simungathe, phikani cimene muli naco.

Cotsala ndico ca oitanidwa. M'mudzi phwando silibisika. Pamene ana ena alikudya pabwalo, ena aimirira kuseri kwa mpanda nasuzumira, ndipo kawiri-kawiri ndiwo amasiye ndi ana a aumphawi, amene amao analibe mphatso yoti abwere nayo. Ana athu aphunzira zambiri pa tsiku lotere, kuposa zimene tiwauza ndi pakamwa. Akaona kuti wobvala bwino ndiye alowa ndipo wausiwa abwezedwa, adzakula nalo phunzirolo. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Nkwabwino kucepetsa zokoma kuti zifikire ana onse a pafupi, kusiyana ndi kucurukitsira owerengeka. Ndipo mphatso isakhale msonkho wa pakhomo. Wobwera ndi mazira awiri ndi wobwera cimanjamanja alandiridwe cimodzimodzi.

Banja limene silikonza phwando silinalakwe kanthu, pakuti mwana sadzafunsa za keke, koma thupi lace lidzaonetsa ngati anadya, anagona m'masikito, ndi kulandira katemera pa nthawi yace. Banja limene lifuna kukonza, likonze monga anthu oyamika: liitane amene anathandiza kulera, liwachule maina ndi kuwathokoza pamaso pa anthu, lithokoze Mulungu amene anasunga moyo, ndipo lisiye ana asewere mpaka zobvala zitada. Mwini tsikulo akagona tulo kumsana kwa amace phwando lisanathe, musamdzutse.