Mfumu Ikafuna Kukhala Mutu wa Mpingo

M'chaka cha 1534 nyumba ya malamulo ya ku England inakhazikitsa lamulo lakuti Mfumu Henry VIII ndiyo mutu wa mpingo m'dzikolo, ndipo Papa analandidwa ulamuliro wake kumeneko. Ife Aprotestanti timafulumira kuombera m'manja. Komatu tidzifunse: kodi chikumbumtima cha munthu chinamasuka? Thomas More, amene anakana kuvomereza lamulolo, anadulidwa mutu m'chaka cha 1535. Nzoona kuti iye mwini anazunzapo Aprotestanti ali pa udindo. Chikhalirecho nkhwangwa imene inamupha sinali ya Khristu. Goli linali lomwelo, anangosintha ndi woligwira.

Kwa ife a ku Karonga nkhaniyi siili patali. Pa 8 March 1992, m'matchalitchi a Katolika munawerengedwa kalata ya mabishopu yodzudzula, mwa zina, kutsekera anthu m'ndende popanda kuwazenga mlandu. Boma la Dr. Kamuzu Banda linati kalatayo njoukira boma, ndipo kupezeka nayo unali mlandu. M'mwezi wa April, Monsignor John Roche, amene ankayang'anira dayosizi ya Mzuzu, imene panthawiyo inkafika mpaka kuno ku Karonga, anapirikitsidwa m'dziko muno.

Timasiyana nawo pa ziphunzitso zambiri, ngakhalenso pa tsiku lopembedza. Koma boma limene lingauze wansembe zoyenera kulalikira Lamulungu lingathenso kutseka pakamwa pa mkulu wa mpingo wathu pa Sabata. Werengani Danieli 6 ndi Machitidwe 5:29. Nanga ife tinanenapo chiyani pamene a Mboni za Yehova analetsedwa m'chaka cha 1967, namenyedwa chifukwa chokana kugula makhadi a chipani?