MOTO WA MAKALA

Juni ndi Julaye ndiyo miyezi ya cisanu. Dzuwa likangolowa mphepo iyamba kulasa, ndipo ku madambo a ku Chipata ndi ku Katete mame a m'mamawa awawitsa mapazi. Pamenepo banja lonse liunjikana pa mafuwa. Mai amasula cikwatu ca mfutso umene anayanika nkhwani ndi khwanya zikali zambiri, natendera nsinjiro, nabvundula nsima. Ana nao akwirira mbatata m'phulusa lamoto. Cakudya cotere sicigulidwa ku sitolo. Anayamba kucikonza mvula isanathe, munthu amene anakumbukira anzace cisanu cikali kutali.

Yohane achula moto wa makala kawiri mu Uthenga wace, ndipo liu la Cigriki limene analemba silipezekanso pena m'Cipangano Catsopano conse. Moto woyamba uli pa mutu 18, ndime 18. Usiku umene Ambuye anagwidwa kunazizira, pakuti Yerusalemu ali pa mapiri, ndipo anyamata a mkulu wa ansembe anasonkha moto pabwalo. Petro anaima nao, naotha. Pa moto umenewo panalibe mphika, panalibe womgawira kanthu. Panali mafunso okha. Thupi lace linafunda, koma usiku womwewo anakana Mbuye wace katatu.

Moto waciwiri uli pa mutu 21, ndime 9, m'mbali mwa nyanja ya Tiberiya. Ophunzira asanu ndi awiri anacezera usiku wonse ndi khoka osapha kanthu. Kutaca, Yesu anaima pa gombe, nawauza poponya khoka, ndipo linadzala ndi nsomba zazikulu 153. Petro pozindikira kuti ndi Ambuye anadziponya m'madzi, nafika pa mtunda ali wonyowa, wanjala, ndi mlandu wace uli pamtima. Anapeza ciani? Moto woyaka kale, nsomba iri pa makala, ndi mkate. Iye amene anagonjetsa imfa sanayese kanthu kakang'ono kusonkha moto ndi kuochera asodzi nsomba. Anawagawira ndi manja ace. Atatha kudya, ndipo pamenepo pokha, anamfunsa Petro katatu za cikondi cace, nampatsa nchito yoweta nkhosa zace. Mlandu sunaiwalike ai, koma unadikira kufikira wolakwayo atafunda ndi kukhuta.

M'midzi yambiri caka cino mudzafika Petro wina. Kapena ndi mnyamata amene anapita ku migodi ya ku Kitwe, nakhala zaka zambiri osalemba kalata, osatumiza ndalama, ndipo tsopano atsika basi madzulo a Julaye ali ndi malaya amodzi. Kapena ndi mtsikana amene akulu a mpingo anamuika pa cilango, ndipo anzace aleka kudyera naye pamodzi. Amalume ali nao mau ambiri okonzeka, ndipo ena mwa mauwo ngoona. Koma nyumba imene imlonjera ndi mafunso okha yasonkha moto wa pabwalo la mkulu wa ansembe, ngakhale eni ace sasowa ku calici Lamulungu liri lonse.

M'nyumba yina mai amuona ali pa khomo, nasendeza ana kuti apeze pokhala pafupi ndi moto. Aonjezera ufa m'mphika, nampatsa madzi ofunda osamba m'manja, namuikira mtanda wa nsima ndi mfutso wotendera. Bambo akhala cete, natuma mwana kukauza amalume kuti nkhani ija aikamba mawa, dzuwa likafunda.