Malezala a M'khoma

M'nyumba zambiri za ku America zomangidwa m'zaka za m'ma 1920 mpaka m'ma 1960, kakabati ka m'bafa kanali ndi kabowo kumbuyo. Munthu akatha kumeta ankaponyamo lezala lobuntha, ndipo linkagwera mumpata wa m'kati mwa khoma. Cholinga chinali chabwino: kuti ana ndi otola zinyalala asadzicheke. Koma lero amisiri akagumula makomawo amapeza milu ya malezala adzimbiri.

Apa mneni woti "kutaya" amatinamiza. Lezala silinathe ayi, linangochoka pamaso. Ngozi inapatutsidwa kwa mwana wa pakhomo n'kusungidwira wobwera m'mbuyo. Kodi udindo wathu umathera pomwe maso alekezera? Wosabadwa alibe pakamwa pabwalo la lero. Womuyankhulira ndi chikumbumtima chathu chokha.