Anayi Amene Anandinyamula

Ndikuyamika Mulungu wakumwamba amene wandisunga ndi moyo mpaka lero. Ndimayendetsa kabaza wa njinga yamoto kuno ku Ndirande, mumzinda wa Blantyre, ndipo umboni wanga ndi wa anthu amene ndakhala ndikuyenda nawo.

Pomwe ndinkayamba kabaza mu 2021, njinga inali ya bwana wina. Madzulo alionse ndinkapereka ndalama yake, yotsalayo n'kukhala ya ndiwo ndi lendi. Pasiteji pathu ndinali ndi anzanga anayi a ponda apa nane mpondepo. Ndinene chilungamo, sanali ouma mtima: tayala likaphulika ankathamanga kudzandithandiza. Koma dzuwa likangopendeka njira yathu inali imodzi, kubetcha mpira wa ku England pafoni, kenako kachasu kuseri kwa msika. Bullets ndi Wanderers zikakumana pa Kamuzu Stadium, ndalama ya sabata yonse inkapsa tsiku lomwelo. Lamulungu belu likamalira, ine mutu uli waa ndi matsire. Ndikati lero lokha ndikapemphere, ankaseka amvekere, "Abusa, mukatikumbukireko kumeneko!" Basi ndinkavula jekete n'kukhala pansi. Chingwe sichinandimangepo miyendo ngati mmene kuseka kumeneko kunkachitira.

Mu Novembala 2023 kwacha itagwa mphamvu ndi 44 peresenti, mafuta anakwera, ufa unakwera. Ife mowa sitinachepetse. Chimene ndinachepetsa ndi chakudya cha ana anga. Mayi a kunyumba anasiya kundifunsa za ndalama, anayamba kukazinga mandasi pakhonde, ndipo usiku ndinkawamva akupemphera chapansipansi, akutchula dzina langa.

Mu Febuluwale 2024, mvula ikugwa, ndinagwa ndi njinga nditaledzera. Mwendo unathyoka. Ndinagona m'chipatala masabata atatu, kenako ndinabwerera kunyumba ndi chikhakha. Anzanga aja anabwera kamodzi, anasiya K2,000 pamphasa, osaonekanso. Sindiwasungira kanthu kukhosi. Chimene chinkatigwirizanitsa chinali m'botolo, ndipo pamphasa ya wodwala panalibe botolo.

Amene anabwera ndi abambo a mlaga wa CCAP kumene mayi a kunyumba amapemphera, anthu omwe ndinkawazemba ndikawaonera patali. Mmodzi ndi womata matayala, wina mlonda, wina mphunzitsi wa pulayimale, ndipo wachinayi ndi mkulu wa mpingo wa imvi. Nyumba yathu ili pamtunda, kanjira kake ka miyala yokhayokha, galimoto sifika. Tsiku lokaonetsa mwendo anandikhazika pampando wapulasitiki, awiri uku awiri uku, n'kutsika nane pang'onopang'ono, akuterereka m'matope. Ndinkaona nsapato za mkulu wa mpingo uja zikumira, thukuta lili chuchuchu m'khosi. Ndinati, "Bambo, mukuvutikiranji ndi chidakwa ngati ine?" Anangoti, "Gwirani bwino mpandowo, mwana wanga."

Sabata yotsatira mapemphero a mlaga anachitikira pakhomo pathu. Anawerenga Marko 2, nkhani ya munthu wofa ziwalo uja ku Kapernao, amene anzake anayi anamunyamula, n'kuboola denga kuti amufikitse pamaso pa Yesu. Mphunzitsi uja anatiuza kuti tione bwino: Ambuye anayang'ana chikhulupiriro cha onyamulawo. Misozi inangoyamba yokha, pamaso pa ana anga. Ndinazindikira kuti zaka zonsezi ndinkanyamulidwa ndithu, ngakhale ndinkadzitama kuti ndimayenda ndekha. Anayi oyamba ankanditula kukachasu. Anayi awa ananditula pamapazi a Yesu. Usiku womwewo ndinalapa.

Kulapa kunali kosavuta poyerekeza ndi kubwerera kuntchito. Pasiteji yakale nthabwala zinali zomwe zija, ndipo pasanathe masiku atatu ndinamva mtima ukufewa. Ndinasamuka siteji, ngakhale kwatsopanoko makasitomala anali ochepa. Za kubetcha ndinafufuta mufoni womata matayala uja akuona. Ena amati Mkhristu wokhwima akhoza kukhala paliponse. Kaya iwo, koma ine ndikudziwa kufooka kwanga, ndipo Mulungu sanandiuze kuti ndikamuyese pakhomo pa mowa.

Lero ndinabwezeretsedwa mumpingo, ndimadya nawo Mgonero wa Ambuye. Kudzera ku banki m'khonde ndinasonkhanitsa ndalama, ndipo njinga imene ndikuyendetsa ndi yangayanga. Ana akudya katatu. Mayi a kunyumba anayambanso kuseka, ndipo dalitso limeneli ndimaliwerengera pamwamba pa njinga.

Anzanga akale ndimawapatsabe moni, sindinawadane. Mmodzi wa iwo anabwera yekha kunyumba mwezi watha, akuti watopa, ndipo wayamba kalasi kumpingo. Abale ndi alongo, atsala atatu. Mundithandize kuwapempherera, ndipo amene muli ndi mphamvu bwerani tidzagwirizane mpando.