Fodya wako ndi uyo ali pamphuno

Wonunkhiza fodya amagogoda kabotolo kake pachikhatho, n'kutsina pang'ono ndi zala ziwiri. Kuchoka pachala kufika pamphuno si patali, koma akuluakulu anaona kuti pakamtunda komweko pamachitika zambiri. Wina wakuitana, watembenuka, kamphepo kadutsa, pachala payera. Ndiye anati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo. Ankachenjeza munthu wowerengera ndalama ya ngongole yomwe sanabwezeredwe, ndi wokonza phwando podalira mbuzi yolonjezedwa. Mwambi womwewu ukufunika kwambiri m'chipinda chozizira cha maseva, mmene makampani, mabanki ndi maofesi a boma amasungamo zolemba zawo.

Kampani yaikulu imagula pulogalamu ya backup, monga Veeam, Commvault kapena NetBackup. Usiku uliwonse pulogalamuyo imakopera zomwe zasintha tsikulo: malipiro a antchito, maakaunti a makasitomala, maimelo. Kale makopewo ankaikidwa pa matepi, matepiwo n'kunyamulidwa pagalimoto kukatsekeredwa m'nyumba ina. Lero pulogalamuyo imalumikizidwa ku cloud, komwe ndi makompyuta a eni ake, a Amazon, Microsoft kapena Google, amene mumachitako lendi malo. Kulumikizako sikuvuta. Mumatsegula malo osungira ku S3 ya Amazon kapena ku Azure ya Microsoft, mumaipatsa pulogalamuyo kiyi, n'kuiuza kuti makope a sabata ino azikhala pafupi, akalekale azipita kutali komwe n'kotchipa. M'mawa wa IT amayatsa kompyuta, n'kupeza mzere wa zizindikiro zobiriwira. Abwana akafunsa, iye amati, "Backup ikuyenda bwino, bwana," onse mitima n'kukhala m'malo.

Koma chizindikiro chobiriwiracho chimangonena kuti katundu wanyamuka. Za kubwerako sichinenapo kanthu.

Usiku wa pa 31 January 2017, katswiri wina wa kampani ya GitLab, yomwe imasungira anthu olemba mapulogalamu ntchito zawo, ankakonza seva yachiwiri imene inkatsalira m'mbuyo. Anafuna kuifufuta kuti aiyambitse mwatsopano, koma lamulolo analilemba pa seva yaikulu, imene makasitomala ankagwiritsa ntchito. Anazindikira pasanathe masekondi angapo, n'kuimitsa. Pa magigabayiti pafupifupi 300, panatsala 4.5 okha. Apa mpamene nkhani imandigwira mtima, chifukwa GitLab sinali kampani yosasamala. Inali ndi njira zisanu zotetezera zolemba zake. Atapita ku S3 kukatenga makope a tsiku ndi tsiku, anapeza mulibe kanthu. Kachipangizo kokopera kanali ka PostgreSQL 9.2, pamene database yawo inali itafika pa 9.6, choncho kankalephera usiku uliwonse. Maimelo ochenjeza za kulepherako ankatumizidwa ndithu, koma ankakanidwa panjira osafika kwa munthu aliyense. Chomwe chinawapulumutsa ndi kope limene linajambulidwa pamanja maola 6 ngoziyo isanachitike, pa ntchito ina yoyesera. Kulibwezeretsa kunatenga maola pafupifupi 18, ndipo zimene makasitomala analemba mu database m'maola 6 aja zinapita.

Njira zisanu zonsezo zinali fodya wapachala. Panalibe munthu amene anapatsidwa udindo woti nthawi ndi nthawi azitenga kope limodzi, kulitsegula, n'kuona ngati likugwira ntchito. Ndimawayamikira a GitLab pa chinthu chimodzi: sanabise. Analemba zonse poyera, mpaka ntchito yobwezeretsayo ankaionetsa pa YouTube ikuchitika. Makampani ambiri zikawagwera amangoti "netiweki yavuta", ndipo anzawo saphunzirapo kanthu.

Wina angamve mwambiwu molakwika, n'kunena kuti popeza chako ndi chimene chili pafupi, bola kusunga zonse pamalo amodzi pomwe maso akuona. Ayi. Pa 10 March 2021 moto unabuka pa malo a kampani ya OVHcloud mumzinda wa Strasbourg ku France. Nyumba ya maseva yotchedwa SBG2 inapsa yonse, ina ya SBG1 inapsa mbali. Makasitomala ena amene ankalipira ndalama ya backup anadzamva pambuyo pake kuti makope awo ankasungidwa pamalo omwewo, ndipo anapsera limodzi. N'chifukwa chake akatswiri amagwiritsa lamulo la 3-2-1, lomwe anatchukitsa wojambula zithunzi Peter Krogh: makope atatu, pa zosungira za mitundu iwiri, limodzi likhale kutali. Kutaliko n'kofunika. Chimene mwambi ukufunsa n'chakuti kaya kopelo lili Cape Town kaya Dublin, kodi munalitengako n'kuliona likugwira ntchito?

Kutali kwenikweni sikungoyezedwa ndi makilomita. Mu May 2024, thumba la penshoni la UniSuper ku Australia, lokhala ndi mamembala oposa 600,000, linadzuka n'kupeza malo ake a ku Google Cloud atafufutidwa. Polikonzera malowo, kabokosi kena kanasiyidwa kopanda kanthu, makina n'kuikapo okha malire a chaka chimodzi. Chaka chitatha, anafufuta. UniSuper inali ndi maseva ake m'madera awiri osiyana, koma onse anali pansi pa lendi imodzi, ndipo anapitira limodzi. Mamembala anakhala pafupifupi masabata awiri osaona maakaunti awo. Mwayi wake, thumbalo linkasunganso makope kwina, kuphatikizapo ku kampani ina yosakhudzana ndi Google. Code Spaces, kampani yaing'ono yosungira mapulogalamu, inalibe mwayi wotero. Mu June 2014 wachifwamba wina analowa mu akaunti yawo ya Amazon n'kufuna ndalama. Atayesa kumutsekera kunja, anafufuta maseva ndi makope omwe, popeza zonse zinkatsegulidwa ndi kiyi imodzi. Kampaniyo inatseka.

Pamenepa mpamene kulumikiza backup ndi cloud kumafuna nzeru kuposa kudina mabatani. Kiyi yomwe pulogalamu imalembera makope ikakhalanso ndi mphamvu yofufuta, wakuba akaigwira watenga zonse. Achifwamba a ransomware, omwe amatseka mafayilo a eni n'kufuna ndalama, amadziwa zimenezi, ndipo amayamba asakasaka makope asanatseke mafayilo enawo. Kuyambira 2018 Amazon ili ndi njira ya Object Lock, imene imakhoma kope kwa masiku amene mwasankha, moti mukaikhwimitsa ngakhale mwini akaunti sangalifufute. Microsoft ndi Google alinso ndi zotere. Koma sizidziyatsa zokha. Pamafunika munthu woti aziyatse, ndiponso abwana ovomera kulipira malo amene makope okhomedwawo azidya.

Kwathu kuno pali zina zowonjezera zomwe wogulitsa pulogalamu satchula msanga. Choyamba ndi nthawi. Kutumiza makope sikuoneka kulemera, chifukwa usiku uliwonse kumapita zochepa zimene zasintha. Tsiku la tsoka mumafuna zonse nthawi imodzi. Materabayiti 10 pa intaneti ya 100 Mbps amatenga masiku oposa 9, ndipo apo ndiye kuti intanetiyo sinadukepo ngakhale kamodzi. Ngati makopewo munawatsitsira kotchipa kwambiri, monga ku Glacier Deep Archive, mudikira kaye maola 12, mwinanso 48, asanayambe n'komwe kutuluka, ndipo kutulutsako kuli ndi mtengo wake. Banki kapena chipatala chingakhale masiku 9 chili chotseka? Komanso Malawi ndi Zambia alibe gombe la nyanja yamchere. Intaneti yathu imadzera m'maiko a anzathu. Pa 12 May 2024 zingwe za pansi pa nyanja za EASSy ndi Seacom zitaduka kufupi ndi gombe la South Africa, intaneti inavuta ku Malawi, Mozambique, Tanzania ndi maiko ena a kuno. Amene seva yake inafa sabata imeneyo, makope ake ali ku Johannesburg, anaona kutalika kwa ulendo. Kenako pali ndalama. Lendi ya cloud nthawi zambiri imawerengedwa m'madola. Kwacha ya Malawi itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, bilu yomweyo inalemera mwadzidzidzi, ndipo aliyense wochita bizinesi akudziwa kuvuta kwa kupeza madola ku banki. Bilu ikakhala miyezi osalipiridwa, akaunti imatsekedwa, makope ali momwemo.

Sindikunena kuti tiithawe cloud. Kwa kampani ya ku Blantyre kapena ku Chipata, kukhala ndi kope kunja kwa nyumba yake, kutali ndi moto, madzi osefukira ndi akuba, n'chinthu chimene zaka za m'mbuyomu chinali cha mabanki akuluakulu okha. Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti ndalama zonse zimathera pa kutumiza, kubwezeretsa osapatsidwa ngakhale tsiku limodzi pa chaka.

Tsikulo likhalepo, ndipo lilembedwe pa kalendala ya kampani ngati tsiku la odita. Pakhale seva yopanda kanthu. Amene akubwezeretsa asakhale yemwe anakonza backup, chifukwa tsiku la tsoka iyeyo akhoza kukhala ali kumaliro kumudzi, foni yosagwira. Akhale mnzake, atanyamula malangizo olembedwa papepala. Pamenepo zobisika zimatuluka zokha. Mwina pasiwedi yotsegulira makope inasungidwa pa seva yomwe yafayo. Mwina database yatsopano ya malipiro sinaikidwepo n'komwe pa mndandanda wa zokopera. Wa IT akamaliza, aitane wa ku akaunti adzatsegule yekha malipiro a mwezi watha, aone ngati mayina ndi manambala akugwirizana ndi zimene ali nazo m'fayilo. Ndipo wina agwire wotchi kuyambira poyamba mpaka pomaliza, maolawo akaperekedwe kwa abwana ndi ku bodi, kuti iwowo anene ngati kampani ingapirire kutseka nthawi yotalika chotero, kapena iwonjezere ndalama yogulira kope lina lokhala pafupi.