KODI NYIMBO NJA YANI, YA WOYIMBA KAPENA YA MAKINA?

Akuru akale anati, "Ukaipa dziwa nyimbo." Ndi mau awa anafuna kutiphunzitsa kuti munthu amene sanapatsidwe nkhope yokongola akhoza kudzipezera ulemu ndi luso lace, pakuti nyimbo inali cuma cimene munthu sakhoza kubwereka kwa mnansi monga abwereka khasu kapena mcere. Woidziwa aidziwa, ndipo wosaidziwa amveka pomwepo pakati pa anzace. Koma masiku ano kwafika makina okhoza kuongola mau a munthu woyimba mokhota, nawakhalitsa monga a katswiri. Anyamata ambiri, ku maiko akutali ndi m'mizinda yathu yomwe, acezera usiku pa kompyuta kuyesa mapulogalamu okonzera nyimbo, ena namasula magitala ao ndi kuwamanganso. Tsono, owerenga athu, tiyeni tiganizire pamodzi funso ili: nyimbo yoturuka m'makina otere nja yani? Ndipo munthu woifalitsa m'dzina lace, kodi anena zoona?

Tiyambe ndi gitala ya besi, pakuti mbiri yace itithandiza kuona bwino mlanduwu. Nonse mudziwa amuna a mau akuru amene aima kumbuyo kwa kwaya. Iwo samveka kwambiri, koma akaleka, nyimbo yonse ikhala ngati denga lopanda mizati. Nchito yomweyo aicita gitala ya besi pakati pa zoyimbira zina. Kawirikawiri iri ndi nsambo 4 zonenepa, ndipo nsambo yaikuru koposa injenjemera ka 41 kokha pa sekondi imodzi, cifukwa cace mau ace amveka m'cifuwa monga ng'oma yakutali.

Kale oyimba besi ku America anali kunyamula coyimbira cacikuru ca matabwa, cofika msinkhu wa munthu, cobvuta kuyenda naco, ndipo mau ace anali kumira pakati pa malipenga ndi ng'oma. M'caka ca 1936 Paul Tutmarc wa ku Seattle anagulitsa besi yaing'ono ya magetsi, koma oigula anali owerengeka. M'caka ca 1951 Leo Fender wa ku Fullerton, m'dziko la California, amene nchito yace poyamba inali kukonza mawailesi, ndipo iye mwini sanali woyimba gitala, anaturutsa besi imene inawanda dziko lonse. Pa khosi pace anaikapo tizitsulo topingasa, kuti cala cikakanikiza nsambo paliponse pakati pa tizitsulo tiwiri, liu lituruke lolunjika. Cifukwa ca ici anaicha Precision Bass, ndiko kunena besi yosaphonya. Onani tsono kuti tizitsulo timeneti tinali kale thandizo loongola mau a woyimba, zaka zambiri kompyuta isanalowe m'nyumba ya munthu.

Patapita zaka, kunabuka mnyamata wa ku Florida dzina lace Jaco Pastorius, amene anabadwa m'caka comweco ca 1951, namwalira mu 1987. Besi imene anachuka nayo inali ya Fender ya 1962, koma tizitsulo tace tonse tinazulidwa, ndipo khosi linapakidwa utomoni wolimba umene apaka pa mabwato. Pamenepo panalibenso comutsogolera koma khutu lace ndi zala zace. Cala cikaphonya pang'ono, liu linali kukhota. Cikalunjika, besi inali kulira monga munthu woyimba ndi pakamwa. Wina anaika tizitsulo, wina anatikana, ndipo palibe amene tingamuche wonyenga, pakuti aliyense wopenya gitalayo aona yekha ngati tiripo kapena palibe.

Ndiponso tizitsulo tokha sitikwanira. Iye wokonda kukonza besi yace adziwa kuti nsambo yace itambasuka mainchesi 34 pa magitala ambiri, ndipo kacitsulo ka 12 kali pakati peni peni. Akakanikiza pamenepo, liu liyenera kukhala lomwe lija la nsambo yosakanikiza, koma lokwera monga "do" wapamwamba akwera pa "do" wapansi. Likakwera mopitirira, asunthira cokhalira ca nsambo kumbuyo kuti nsambo italike. Likatsalira, acisunthira kutsogolo. M'kati mwa khosi mulinso ndodo yacitsulo yoletsa mtengo kupindika, ndipo wodziwa aipotoza pang'ono pang'ono, nayembekeza kuti mtengo ukhazikike asanapotozenso. Wothamanga athyola ndodo, naononga gitala. Kuona maso a nkhono nkudekha. Munthu wotere akatha caka ali kumasula ndi kumanga, khutu lace likhala lakuthwa kuposa kale, ndipo cidaco cakhala mphunzitsi wace.

Tsopano tione za mapulogalamu a pa kompyuta. Pulogalamu yokonzera nyimbo iri ngati nyumba yonse yojambulira mau yopindidwa m'kabokosi. Munthu mmodzi akhoza kujambula besi lero, ng'oma mawa, mau ace mkuja, naziunjika pamodzi monga ngati anthu khumi anayimbira limodzi. Ina yochedwa Audacity, imene anaiyamba Dominic Mazzoni ndi Roger Dannenberg ku sukulu yaikuru ya Carnegie Mellon, inaturuka m'caka ca 2000, ndipo ipatsidwa kwaulere kwa yense woifuna. Ici ncokoma ndithu, pakuti mwana wa mmphawi, amene kale sakadalowa konse m'nyumba yojambulira, tsopano akhoza kusunga nyimbo yace ndi kuitumiza kutali.

Koma m'makina omwewa muli mphamvu zina ziwiri zofunika kuziyang'anitsa. Yoyamba ndiyo kuongola nthawi: woyimba akafulumira kapena kucedwa, pulogalamu ikoka liu lirilonse ndi kuliika pa mzere wace. Yaciwiri ndiyo kuongola liu lenilenilo. M'caka ca 1997 inaturuka pulogalamu yochedwa Auto-Tune, imene anaipanga Andy Hildebrand. Munthuyu poyamba anali kugwira nchito yofufuza mafuta a pansi pa nthaka mwa kuwerenga maphokoso obwerera kucokera m'miyala, ndipo masamu a mtundu womwewo anawagwiritsa pa mau a munthu. Pulogalamuyo imva liu, niyesa kunjenjemera kwace, nilikankhira ku liu lolunjika loyandikana nalo. Mu 1998 woyimba wamkazi Cher anaturutsa nyimbo yochedwa "Believe," m'mene makinawa anawakunga kufikira mau analumpha-lumpha monga a cinthu cosakhala munthu, ndipo dziko lonse linamva kuti pali cacilendo. Koma akawakunga pang'ono, palibe khutu lozindikira, ndipo pamenepo ndi pamene pagona mlandu wathu.

Munthu wanzeru akalandira pulogalamu yatsopano aiyesa monga mlimi ayesa mbeu yacilendo pa kamunda kakang'ono asanadzaze nayo munda wonse. Ajambula mzere umodzi wa besi, nausunga monga unaturukira m'zala zace. Pamenepo asintha cinthu cimodzi cokha, namvera. Abwezera, nasintha cina. Akasintha zitatu nthawi imodzi sadzadziwa cimene cakometsa ndi cimene caipitsa. Ayesanso kucedwa kwa makina. Kompyuta idula sekondi imodzi ya mau m'tizidutswa, kawirikawiri 44,100, nititola m'mitolo. Mtolo wa tizidutswa 512 utenga ngati magawo 12 a magawo 1,000 a sekondi kuti udzale, ndipo kucedwa kukaunjikana, woyimba amva liu lace likubwera m'mbuyo mwa cala cace, nasokonezeka. Akacepetsa mtolo kufika 128, kucedwa kucepa, koma kompyuta yofoka ilemedwa ndipo mau athetheka. Potsiriza amvera nyimboyo pa sipika yaikuru ndi pa kafoni kakang'ono, pakuti kafoni sikakhoza kuturutsa mau apansi a besi, ndipo anthu ambiri adzaimvera pomwepo.

Mayeso onsewa ngabwino, koma ife titi pali mayeso ena amene woyesa awaiwala kawiri kawiri, ndiwo kudziyesa yekha. Pakutha mwezi ali ndi pulogalamuyo, azimitse zoongola zonse, nayimbe mzere uja ndi zala zace zokha. Kodi auyimba bwino kuposa tsiku loyamba? Ngati inde, makinawo amtumikira monga kalilole, namuonetsa pamene aphonya kuti akonze. Ngati iai, ndipo nyimbo zace zikoma pamene iye mwini aima pamodzimodzi, makinawo akhala nsaru yofunditsa cironda. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Wina adzati, Nanga kuli kanthu? Womvera afuna nyimbo yokoma, ndipo akaipeza akondwa, walakwiridwa ndani? Funso ili nlolemera, ndipo sitiyenera kulikankha ndi phazi. Nzoona kuti nyimbo zina womvera adziwa kale kuti nza makina, monga adziwa kuti cithunzi copaka utoto si munthu. Pamenepo palibe bodza, ndipo luso la wokonza ndilo liyamikidwa, pakuti kulumikiza mau 30 kuti akhale nyimbo imodzi ndi nchito yofuna khutu ndi cipiriro. Bodza lilowa pamene munthu alandira ulemu wa cinthu cimene sanacite. Kumbukirani anyamata awiri ochedwa Milli Vanilli, amene anachukira ku Munich m'dziko la Germany. Mu February 1990 analandira mphoto ya Grammy ku America, ndipo mu November caka comweco anawalanda, zitadziwika kuti mau a m'nyimbo zao anali a anthu ena obisika. Izi zinacitika Auto-Tune isanabadwe. Tsono tiona kuti cinyengo cikhala mumtima wa munthu, ndipo makina angocipatsa njira yapafupi.

Olakwiridwa alipo atatu. Woyamba ndi womvera, amene alipira ndalama yace kudzaona woyimba pa bwalo, napeza munthu wosakhoza kufikira liu limene analimva pa wailesi. Waciwiri ndi mnzace wa woyimbayo, amene anatha zaka akuphunzira, ndipo tsopano ayesedwa wolingana ndi iye amene sanabvutike. Wacitatu ndi mwini wace, ndipo ameneyu ndiye ataya zambiri. Munthu aphunzira pakumva kuphonya kwace ndi kucita nako manyazi pang'ono. Mukamcotsera manyazi amenewo tsiku ndi tsiku, mwamcotsera mphunzitsi, ndipo adzakalamba ali ndi nyimbo zambiri zolembedwa dzina lace, koma pakhosi ndi m'zala mulibe kanthu.

Wina adzatinso, Ngati nditero, titaye makina onse. Ifenso ici ticikana. Kwathu kuno anyamata apanga okha besi yochedwa babatoni, ya nsambo imodzi, ndi mtengo wautali ndi bokosi kapena ng'oma yacikopa, ndipo Gasper Nali wa ku Nkhata Bay anamveka nayo kufikira ku Ulaya. Kodi anamveka bwanji kutali kotero? Anamveka cifukwa makina anajambula mau ace ndi cithunzi cace, nazinyamula pa intaneti. Makinawo ananyamula luso limene linalipo kale, ndipo yense woona anapenya yekha mtengo, nsambo ndi manja. Kukana cida cifukwa ena anama naco kufanana ndi kukana sikelo cifukwa wogulitsa wina aikhotetsa.

Tsono muyeso umene tiupereka kwa acinyamata athu, ndi kwa makolo amene awagulira zipangizozi, ndi uwu: cimene makina akucitira, ukhale wokonzeka kucinena poyera. Wokonza besi sabisa kuti anasuntha cokhalira ca nsambo, ndipo akondwa kukuonetsani m'mene anacitira. Momwemonso wokonza nyimbo anene mosaopa kuti, Ng'oma izi nza kompyuta, besi ndinayimba ndekha, ndipo liu ili ndinaliongola pawiri. Akakhoza kunena comweco pamaso pa anzace, nyimboyo njace, pamodzi ndi thandizo limene analandira. Koma akapeza kuti pali cina cimene safuna kuti womvera acidziwe, adziwe kuti pamenepo watenga ulemu wa mwini wace.

Ndipo inu aphunzitsi a nyimbo m'midzi, mwana akabwera ndi foni yokhala ndi kamuyeso kooneka ngati liu lakhota, musamkalipire. Mloleni ayese nako, pakuti kanena zoona. Koma akatha, muuzeni aike foniyo m'thumba, aimirire pakati pa anzace, nayimbenso mzere womwewo ndi khutu lace, kufikira ataudziwa.