Kodi Chiwindi Chimasunga Mlandu wa Yani?

Aliyense amene anaphapo nkhuku yathadzi yonona kopitirira muyeso adzakumbukira chiwindi chake chija chotuwa, chachikasu, chimene chimaphwanyika m'zala chisanafike n'komwe mumphika. Ndipo cha munthu nacho chimatero, pamene mafuta aunjikana m'kati mwake mwakachetechete, pakuti chakudza sichiimba ng'oma. Azakhali anga, mayi wa Mvano amene milomo yawo sinalawepo kachasu kapena masese, atawapeza ndi nthenda imeneyi anafunsidwa katatu konse ngati amamwa, nabwerera kumudzi ali chiweramire, manyazi atawalemera kuposa matendawo.

Funso lakale lija, limene ophunzira anafunsa Ambuye ataona munthu wobadwa wakhungu, pofuna kudziwa mwini tchimolo, silinachoke m'mitima mwathu. Ndipo madokotala nawonso anakhala zaka zambiri akuwayesa abodza odwala onga azakhali anga, kufikira mu 1980, pamene Jurgen Ludwig ndi anzake a ku Mayo Clinic, ku America, analemba za odwala 20 amene ziwindi zawo zinali ngati za zidakwa chikhalirecho sanali anthu a mowa.

Mlengi anaika m'chiwindi antchito osaoneka ndi maso, ma enzyme a banja la cytochrome P450, dzina limene Tsuneo Omura ndi Ryo Sato a ku Japan anatchula mu 1962, ndipo udindo wawo ndiwo kuphwanya mankhwala ndi poizoni kuti zitulukire mumkodzo ndi m'ndulu. Mmodzi wa iwo, CYP2E1, amachuluka mwa munthu womwa mowa. Koma taonani, amachulukanso mwa wonenepa, mwa wodwala shuga, ngakhale mwa iye amene wasala kudya masiku angapo. CYP2E1 ameneyu ali ngati mmisiri wosula makasu m'nyumba yaudzu, amene pogwira ntchito yake mokhulupirika moto wake umathetheka. Pakuti pophwanya zoipa amatulutsa tizidutswa ta okosijeni tolusa, timene tikagwera pa mafuta ounjikana aja timawawononga, chiwindi n'kutupa, ndipo pakutha pa zaka n'kudzala zipsera. Ndi yemweyonso amene amasandutsa kagawo ka Panado kukhala poizoni wotchedwa NAPQI, amene thupi limamuzimitsa ndi glutathione malinga mlingo wa mankhwalawo usapyoledwe. M'bale wake CYP3A4, wosenza pafupifupi theka la mankhwala amene anthu amamwa, iye amayamba kufooka chiwindi chikanona.

Tsono mmisiri ameneyu sasiyanitsa chidakwa ndi mkulu wa mpingo, ndipo ine sindipeza mwa iye woweruza. Ndipeza mtumiki wothodwa ndi ntchito, amene chitetezo chake ndi chivulazo chake zimachokera m'dzanja limodzi. Sindikukana kuti mowa, zotsekemera ndi kukhala osatuluka thukuta zimawononga, ndi kuti wochepetsako thupi amabweza nthendayi ikadali yanthete. M'zimenezo munthu ali ndi gawo lake. Chimene mtima wanga ukukana ndicho kutenga gwero la matenda n'kuliyesa mlandu, ngati kuti amene wapeza pamene moto unayambira wapezanso woyenera kulipa.

Azakhali anasiya shuga m'tiyi, nayambiranso kupita kudimba wapansi, ndipo thupi lawo linapepuka. Koma kufikira lero, amayi anzawo akawafunsa chimene chinawagoneka, amayang'ana pansi n'kungoti ndi m'mimba.